Pijo Yakale ya ku Namiwawa Inandilanda Unkhoswe

Mpaka lero ndikakwera minibasi ya ku Chilomoni, tikamadutsa pa Namiwawa ndimawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato. Alonda a kumeneko amandidziwa, ndipo sandidziwira zabwino. Akazi anga amati nkhaniyi ndizingoisunga m'mimba, koma poti achibale akuifotokoza kale m'maliro ndi m'maukwati, aliyense akuthirako mchere wake, kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Ndiyambe ndi matenda anga. Ine ndi bambo wamkulu, imvi zinayamba kale m'mbalimu, ntchito ndimagwira ya mu ofesi m'tauni, kutchalitchi ndimaimba besi mu kwaya. Koma kunyumba kwanga ku Chimwankhunda kuli chipinda chomwe tinamanga kuti chikhale cha alendo, ndipo mlendo sanagonemo. Muli sitima. Ndinagoneka zitseko zakale pa mabenchi, n'kuyalapo njanji, n'kumangapo siteshoni ya Limbe monga inalili m'masiku a agogo anga aamuna, omwe anachokera ku Mozambiki wapansi n'kudzakalambira pa ntchito yothira malasha m'sitima. Kasitimako anandibweretsera m'bale wina kuchokera ku Joni. N'kakale, koma kamayenda ukakalumikiza kumagetsi (magetsiwo akakhalapo). Miyala ya m'njanji ndi mchenga wa mu mtsinje wa Mudi wosefa ndi sefa ya tiyi (sefayo akazi anga anaifunafuna nyumba yonse, ine ndikuwathandiza kufunako).

Koma siteshoni yopanda magalimoto panja imaoneka ngati manda. Ndiye pali timagalimoto tachitsulo, tija timabwera m'mabelo a zidole kukaunjika ku Limbe. Anthu amagulira ana awo, ine ndimadzigulira ndekha. Si kalikonse ayi. Kayenera kukhala ka mtundu wakale, komanso ka msinkhu wogwirizana ndi sitima, chifukwa ukaika kakakulu kamaoneka ngati kabwera kudzameza siteshoni. Ndikakapeza ndimakaboola kunsi n'kukaphwasula, kukanyika m'madzi a soda woyabwa uja amapangira sopo mpaka penti yonse itasupuka, kenako kukapenta mwatsopano n'kukakalambitsa. Inde, kukakalambitsa. Dzimbiri pang'ono m'mphepete mwa zitseko, fumbi lofiira m'matayala, galasi limodzi long'aluka. Mlamu wanga anandifunsapo kuti, "Ndiye mumagula chinthu chabwinobwino kuti mukachiononge nokha?" Ndinamuuza kuti zaluso si aliyense amazimva.

Nthawi imeneyo ndinali pa ntchito ina yomwe inandisowetsa mtendere. Ndinatola kaPijo 404, kaja ka mipando kumbuyo, ndipo ndinaganiza zokadula msana kuti kakhale pikapu, ngati zija zinkanyamula matumba a chimanga pa siteshoni ndili mwana. Kutsogolo kunatheka. M'mbali ndinapanga ndi chitini cha nsomba. Koma chitseko cha kumbuyo, chija chimagwa potsitsa katundu, chinandikana. Sindinkakumbukira kuti chinali ndi mizere yotani, nyali zinali pati, zokowera zinali zotani. Pa intaneti zithunzi zilipo, koma anthu amajambula galimoto kumaso ngati mkwatibwi, ozungulira kumbuyo ndi ochepa, ndipo zimene ndinapeza sizinkaoneka bwino. Ndinkadya ndikuganiza chitseko. Mu kwaya ndikuganiza chitseko. Munthu akamandilankhula ndinkangoti eya, eya, maso ali pa magalimoto odutsa mumsewu.

M'masiku omwewo Limbikani, mwana wa achemwali anga, anabwera kunyumba atavala malaya osita bwino, akumwetulira yekha. Wapeza mbeta. Mtsikanayo dzina lake Tamandani, ndipo analeredwa ndi amalume ake, a Matiki, ku Namiwawa. Ine monga malume wake wa Limbikani ndinayenera kukagogoda kumeneko, kukatula mawu, ndipo zikatheka ndidzakhale nkhoswe.

"Amalume, chonde," anatero Limbikani, manja ali pamodzi. "A Matiki ndi munthu wokonda dongosolo. Mkulu wake wa Tamandani anamukanira mwamuna chifukwa malume wa mwamunayo anafika akununkha mowa."

"Iwe, ukundiona ngati ndani? Ine ndinayamba kulankhulira anthu iwe usanamere mano."

Achemwali nawo anaimba foni. "Achimwene, mukavale suti yakuda ija. Ndipo za tizidole tanuto musiye kunyumba. Musakayambe kulalikira anthu za sitima."

Tinagwirizana kuti Loweruka masana ndikakumana ndi msuweni wanga, a Zuze, pageti la a Matiki, n'kulowa limodzi.

Vuto ndi lakuti Loweruka ndi tsiku lotsegula mabelo ku Limbe. Ndinadzuka mapazi akuyabwa. Ndinadziuza kuti ndivaliretu suti, ndidzere ku Limbe, ndingoyang'ana basi, kenako ndilunjike ku Namiwawa. Akazi anga poona ndikunyamula chikwama anati, "Poti mukudzera ku Limbe, mugule chiwindi cha ng'ombe cha madzulo. Koma musachiphatikize ndi zonyansa zanuzo."

M'mabelo munalibe kanthu tsiku limenelo, zidole zaubweya ndi mfuti zamadzi zokhazokha. Kuti ulendo usapite pachabe ndinalowa m'sitolo ya mmwenye wina wachikulire yemwe amati akandiona amayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa. Ndinagula kasowo kodulira zitsulo, pulayazi, waya, magolovesi, tochi (ndinkafuna timababu take kuti ndipangire nyali za pa siteshoni), ndi soda uja, amene anandiyezera m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina. Tepi yoyezera imakhala m'thumba mwanga nthawi zonse. KaPijo kanga kosatha kaja kanali m'jekete, nditakakulunga m'kampango. Chiwindi ndinagula, anachikulunga m'nyuzipepala, ndipo ndinachiphatikiza ndi zonsezo. Sindinaganizeko n'komwe kuti katundu ameneyu angaoneke bwanji m'maso mwa munthu wina.

Ku Namiwawa ndinafika nthawi isanakwane. Geti lobiriwira lomwe Limbikani anandiuza ndinaliona, koma a Zuze kunalibe. Nditawaimbira anati minibasi yawo yatha mafuta, kondakitala wathamanga ndi chigubu. Kulowa ndekha sikukanakhala ulemu. Kuima pageti la anthu ngati wogulitsa nthochi nakonso ayi. Ndipo ine kuima malo amodzi sindimatha. Ndinayamba kuyendayenda, kutsetsereka, kukwera, ndikubwereza mawu oti ndikanene. Ndinakhota kanjira ka m'mbali, ndinakhotanso kena.

Kumeneko ndinapeza mpanda wa njerwa womwe unagwa mbali ina ndi mvula. Anali atatsekapo ndi malata podikira amisiri, njerwa zatsopano ataziunjika panja. Pakati pa malatawo panali kampata. Munthu wanzeru akanadutsa. Ine ndinasuzumira.

Abale anga! Pansi pa mtengo wa mapeyala, matayala ataphwa, masamba ali mbwee pamwamba, panali Pijo 404 ya pikapu. Yeniyeni. Yoyera mothimbirira, dzimbiri lake lokongola loti ine ngakhale nditapenta mpaka kukalamba sindingalifikire. Ndinangoiyang'anitsitsa ngati ndakumana ndi chibwenzi cha kusukulu.

Ndinati ndingojambula chithunzi chimodzi pakampatapo. Chinangoonetsa tayala lokha. Ndinati ndikwere pa mulu wa njerwa. Ndinakwera, suti ndi tayi, ndipo mbali yonse inaoneka, koma kumbuyo kunaloza kwina. Ndinati ndisunthire pa mpanda pomwe sipanagwe, ndikhale ngati pa njinga, mwendo uku mwendo uku, nditambasule mkono. Ndinatambasula. Kunatsala pang'ono. Ndinagwira nthambi ya peyala n'kutambasulanso, foni n'kuterereka m'manja, n'kukagwera m'kati, m'maluwa.

Apa ndiye panali poti munthu atsike, azungulire, apeze geti la nyumbayo, agogode, apepese. Ndinaganizadi zimenezo. Koma ndikawauza chiyani, kuti foni yanga inamera mapiko? Komanso nthawi yokumana ndi a Zuze inali itayandikira. M'bwalomo munali zii. Ndinati kutsika, kutola, kukwera, palibe angadziwe.

Potsika ndinangomva kuti kwee! Thalauza la suti linakodwa pa msomali wa lata n'kung'ambika kuyambira m'chiuno kumbuyo mpaka kuseri kwa bondo. Mphepo ya ku Namiwawa inandipatsa moni malo oti sinawaonepo.

Foni ndinaitola. Ndipo apa ndi pamene mungandiweruze, sindikana. M'malo mobwerera ndinati thalauza lang'ambika kale, kulowa ndalowa kale, galimoto ndi iyi. Ndinazungulira kumbuyo, foni ili tcheru m'manja. Chitseko kunalibe. Chinachoka kalekale. Pamalo pake anamangapo thabwa ndi waya.

Ndinaima pamenepo ngati munthu wofika pamaliro n'kupeza aika kale. Komabe zokowera zinalipo, nyali imodzi inalipo. Ndinatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza. Kenako ndinagwada kuti ndione mmene bampala inagwirira kunsi. Kenako, sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, ndinapezeka ndagona chagada pansi pa galimotoyo, tochi ili kukamwa, chikwama chili pambali.

Ndili pansipo ndinaona miyendo inayi.

Sanali galu wouwa ayi. Agalu ouwa ndimawadziwa, ku Chimwankhunda ndi ambiri, umangowerama ngati ukutola mwala, iwo liwiro. Uyu anangoima, mutu ngati mtondo, akulira cha pansipansi ngati jenereta ya kutali. Ndinalavula tochi n'kuti, "Bobi, Bobi, khala pansi" (kwa ine galu aliyense ndi Bobi). Anayandikira. Mphuno yake inalunjika pa chikwama. Nzeru zinabwera: chiwindi! Ndinachisolola n'kuchiponya kutali momwe dzanja likanathera, galu n'kuchitsatira. Ndinatuluka pansi paja ngati buluzi. Mpanda unali patali, chitseko cha Pijo chinali pafupi. Ndinalowa n'kumenyetsa. Nditati ndione ngati ndingatulukire mbali inayo, ndinapeza kuti m'katimo mulibe chotsegulira ngakhale chimodzi.

Mlonda wa panyumbapo anaona zonse kuyambira pa kuponya nyama.

"Wakubaaa! Wapha galu! Wakubaaa!"

Wenzulo inalira, ina inayankha kuseri, inanso kutsidya kwa msewu. Sindinkadziwa kuti Namiwawa, ndi kachetechete wake yense uja, ili ndi anthu ochuluka chonchi. Alonda a nyumba zoyandikana, osamalira maluwa ndi zikwanje zawo, amayi ogwira ntchito m'nyumba thovu la sopo lidakali m'manja. Onse anazungulira galimotoyo. Apa zoseketsa zinatha, chifukwa tonse tikudziwa zomwe zimachitika mumzinda muno munthu akakuwiridwa kuti ndi wakuba. Ndinaganiza za akazi anga, ndinaganiza za ana.

Anatsegulira kunja n'kundikoka ndi tayi. Anandikhazika pa udzu, anandivula nsapato (akuti kuti ndisathawe), ndipo mlondayo anakhuthula chikwama, akutchula chimodzichimodzi ngati akutsatsa malonda.

"Sowo. Pulayazi. Magolovesi. Waya."

"Eee, katswiri uyu," anatero wina kumbuyo.

"Nanga ufa uwu?" Anakweza soda m'mwamba. "Si umene wathira m'nyama muja?"

"Achimwene, ameneyo ndi soda wochotsera penti."

"Mwamva? Amafuna akaipente kuti isadziwike!"

"Ndingabe bwanji galimoto yoti ilibe ndi injini yomwe?"

"Wadziwa bwanji kuti ilibe injini?"



"Masiku ano akumavala masuti," mayi wina anauza mnzake. "Utakumana naye m'tauni ungamupatse moni wa abusa."

Ndinati ndiwaonetse umboni. Ndinapempha mlondayo kuti apise m'thumba la jekete atulutse kampango. Anatulutsa, anafunyulula, ndipo kaPijo kanga kanaonekera, kopanda penti, kodulidwa msana, kumbuyo kuli chitini cha nsomba. Ndinkayembekeza kuti tsopano amvetsa. Munthuyo anakaponya pansi n'kudumphira kumbuyo.

"Chithumwa! Ndi chimene amabera magalimoto! Akayenda nacho, yaikuluyo imamutsatira!"

Anthu anafutukuka. Kunena zoona chinandipulumutsa ndi chimenecho, chifukwa panalibenso wofuna kundikhudza.

Kenako kunatulukira mwini nyumba, bambo wamtali, wa magalasi, atavala jekete, akuyenda mosafulumira. Sanakuwe. Anayang'ana galu, yemwe anali atamaliza chiwindi ndipo ankanyambita nyuzipepala. Anayang'ana zida zija. Anayang'ana ine.

"Bambo, pa msinkhu wanuwu?"

Ndinayamba kufotokoza za agogo anga, za malasha, za siteshoni ya Limbe, za chitseko cha kumbuyo. Ndinkamva ndekha kuti mawu aliwonse akundimiza. Anakweza dzanja.

"Mukafotokoza kupolisi. Mwasankha tsiku lolakwika. Ndikuyembekeza alendo aulemu pakhomo pano." Anatembenukira kwa mlonda. "Mugwireni kaye. Ndiwauze alendowo achedweko pang'ono, asapeze chipwirikiti."

Anatulutsa foni, anafufuza nambala, anaika kukhutu.

Foni yanga, yomwe inali pa udzu pakati pa pulayazi ndi magolovesi, inayamba kuimba nyimbo ya kwaya yathu.

Bwalo lonse linati zii, kupatula kwayayo. Bamboyo anayang'ana foni yawo, anayang'ana yanga. Anadula, kwaya inasiya. Anaimbanso, kwaya inayambiranso. Pamenepo m'pamene mutu wanga unalumikiza: kukhotakhota kuja kunandifikitsa kuseri kwa nyumba ya geti lobiriwira.

"Ndinu amalume ake a Limbikani?"

Ndinayesa kuimirira, ndinakumbukira thalauza, ndinakhalanso. Ndinaomba m'manja ndili pansi pomwepo, wopanda nsapato.

"Ndine amene, bambo Matiki. Kaya mwaswera bwanji?"

A Matiki ndi munthu wa dongosolo ndithu. Anabalalitsa anthu, anauza mlonda kuti akhale pafupi ndi galu aone ngati agwe, ndipo anandilowetsa pa khomo la kukhitchini. Anandibwereka thalauza lawo. Iwo ndi aatali ndi oonda, ine ndi wamfupi wa kamimba, ndiye kunsi ndinapinda ngati wowoloka mtsinje, m'chiuno batani linakana, ndinangobisa ndi jekete. Akazi awo anandipatsa madzi osamba m'manja, milomo ataifinya. Tamandani ndinangomuona akusuzumira pa katani, foni ili kukhutu, ndipo ndinadziwa kuti Limbikani wamva kale.

A Zuze anafika thukuta lili kamukamu, akupepesa kuti achedwa. Atandipeza ndakhala kale pa sofa anandinong'oneza, "Mwalowa bwanji nokha? Ndipo thalauzalo ndi la suti yake iti?"

"Khalani chete, ndikuuzani panjira."

Mwambo ndi mwambo. Tinapemphera, tinapatsana moni ngati tikuonana koyamba, ndipo nthawi yoti ndilankhule inakwana. Mawu onse amene ndinakonza anali atathawa. Ndinangogwira aja timayambira nthawi zonse.

"Ife tabwera chifukwa tambala wathu waona msoti pakhomo pano."

Mayi Matiki anafunsa mwaulemu kwambiri, maso ali pansi, "Anauonera pageti, kapena nayenso pampanda?"

A Zuze anaseka mokweza, akuyesa ndi nthabwala wamba. Palibe anawathandiza.

Ndinapitiriza ndikuphunthwa. Ndinanena kuti Limbikani ndi mnyamata wa khalidwe, wochokera ku banja la ulemu, ndipo pa mawu akuti ulemuwo a Matiki anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati amva, akambirana ndi abale, adzatiyankha. Potiperekeza anaima pageti n'kuloza.

"Ili ndi geti. Apa pali belu. Mukanaliza, galimoto ija ndikanakuonetsani ndekha, ndi tiyi yemwe mukanamwa. Inali ya malemu bambo anga."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukokedwa ndi tayi kuja.

Kunyumba akazi anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaima nthawi yaitali pa thalauza, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga chiwindi?"

Achemwali anafika m'mawa mwake osagogoda, ndipo sanakhale pansi. "Achimwene, mwana wanga anakulakwirani chiyani? Sindinakuuzeni kuti zidole musiye kunyumba?"

"Achemwali, chidolecho sichinalakwe, chinali m'thumba."

"Ndiye analowa m'mpanda wa anthu ndi ndani, thumbalo?"

Kukalipa kwa achemwali ndinakuzolowera kuyambira tili ana. Amene anandimaliza ndi Limbikani. Iye sanakalipe. Anabwera madzulo, analowa m'chipinda cha sitima, anakhala pa kampando akuyang'ana kasitima kakuzungulira, maso ali psuu. Kenako anati, "Amalume, akakana ndiye kuti basi. Tamandani sangatsutsane ndi a Matiki. Anamulera ndi iwowo." Ananyamuka n'kumapita. Mwana ameneyu ndinamunyamula ali khanda. Bambo ake atamwalira, kusukulu akaitana makolo ndinkapita ndine. Ndinazimitsa sitima, chipinda chija chinandinyansa.

Masiku otsatira sindinkakhazikika. Ku ofesi ndinkadzuka pampando, kufika pawindo, kubwerera, kudzukanso, mpaka anzanga anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba. Ndinakumbukira kuti soda ndi chiwindi zinalidi m'chikwama chimodzi, ndiye nanga kapepala kaja kakanakhala kuti kanabooka? Ndinkaimbira a Zuze m'mawa ndi madzulo kuti afunse Limbikani, Limbikani afunse Tamandani, kuti galu wadzuka bwanji. Sindinapemphererepo nyama m'moyo mwanga, koma galu ameneyu ndinamupempherera. Anakhala bwinobwino. Akuti anayamba kumakhala pa malata paja akugwedeza mchira, kudikira wina woti agwe ndi ndiwo.

Thalauza la a Matiki akazi anga analichapa n'kulisita, ndipo ndinakabweza ndekha. Ndinaliza belu. Mlonda uja anasuzumira pa kazenera ka geti, anati abwana kulibe (galimoto yawo ndinkaiona bwinobwino). Thalauzalo analilandira ndi nsonga za zala. Kenako anati ndidikire. Anabwera atanyamula fosholo, pa fosholopo pali kaPijo kanga. Masiku onsewo kanali pa udzu pomwe kanagwera, palibe analimba mtima kukatola, ndipo wotchetcha udzu ankangokalambalala. Mvula inali itakathira dzimbiri lenileni pa chitini chija. Ndichite manyazi kunena, koma ndinasangalala. Kumbuyo ndinadzaikako kathabwa ka mtengo wa machesi komanga ndi waya, monga ndinaonera.

Yankho linabwera kudzera kwa a Zuze. Anafika kunyumba atavala nkhope ya maliro, koma ndikuona kuti m'kati akuvina.

"Mbeta avomera. Akuti mnyamata alibe mlandu."

Akazi anga analulutira. Ine ndinakhala pansi.

"Koma pali pempho limodzi," anapitiriza a Zuze. "Akuti nkhoswe akhale wina. Akuti nkhoswe ndi munthu wophunzitsa ana polowera ndi potulukira."

Ndipo winayo anali a Zuze omwewo, munthu woti banja lake lomwe ndakhala ndikulizimitsira moto ndine. Pa chinkhoswe ndinakhala mzere wa kumbuyo, ndikuona a Zuze akupereka tambala n'kulandira msoti m'malo mwanga, akugwada mokokomeza ngati anabadwira zimenezo. Zinandiwawa, ndisaname. Koma Limbikani ankamwetulira mpaka mano a kumapeto, ndiye ndinaomba nawo m'manja.

Pokonzekera ukwati komiti inagawa ntchito. Itafika pa dzina langa, achemwali anati, "Ameneyo mumuike poti sakalankhula ndi munthu." Anakambirana, ndipo anandipatsa yoyang'anira magalimoto panja pa holo. Onse ankaona ngati andilanga. Ine ndinangoti zikomo, nkhope nditaigwetsa, kuti asasinthe maganizo.

Ntchito ndinaigwira mokhulupirika. Ndinavala kamalaya konyezimira pamwamba pa suti, ndikuloza uyu apa, uyu apo. Anthu atalowa, nyimbo zikugunda m'katimo, panatulukira mlendo wochedwa, mdala wina wa ku Mandala, pa Benzi yakuda yakalekale, ya nyali zozungulira, ikuyenda mwa ufumu. Malo anali atatha, ndiye ndinaiimika pafupi ndi khomo penipeni. Ndinadziuza kuti ayi. Ndinapita kumapeto kwa bwalo, ndinabwerako. Ndinapitanso, ndinabwerakonso. Mdalayo atatuluka kudzatenga mphatso yomwe anaiwala, ndinamuyandikira manja ali kumbuyo.

"Bambo, pepani. Mungandilole ndingoona kunsi kwake pang'ono?"

"Onani, onani, mwana wanga," anatero, n'kubwerera m'holo.

Ndiye pamene akwati ankatuluka kudzajambulitsa pakhomo, a Matiki ali patsogolo, achemwali ali pambali, nthungululu zili pakamwa, anapeza miyendo iwiri itatulukira pansi pa Benzi, pakati penipeni pa njira. Nthungululu zinazima imodziimodzi. Ndinamva achemwali akuti, "Ambuye Yesu." Ndinakuwa ndili pansi pomwepo.

"Ndapempha! Ulendo uno ndapempha!"

Wojambula sanadikire. Pa chithunzi chachikulu chomwe chili pa khoma kwa Limbikani, akwati akumwetulira, a Matiki akuyang'ana kumwamba ngati akufunsa Mlengi, ndipo pakona ya kumanzere, pansi, pali miyendo yanga. Tamandani anakana kuti aidule, akuti ana adzafuna kudziwa agogo awo.

Phunziro ndinatolapo ndithu: masiku ano ndimayamba ndapempha. Zinazo, amene anandiumba ndiye akudziwa.